Mmene Ndimasankhira Filimu ya Kutha kwa Dziko Kuti Ndisataye Usiku Wanga Pachabe

Achimwene anga ndi amene anandiphunzitsa kuonera mafilimu a ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo anandiphunzitsa molakwika. Limoti inkakhala m'manja mwawo, ine changa chinali kukhala pansi n'kutong'ola maso. Lamulo lawo linali limodzi: anthu a mufilimu akangoyamba kucheza kapena kukangana ndi akazi awo, iwo ankakankha kutsogolo mpaka pomwe nyumba zayamba kugwa. Filimu ya maola awiri tinkaimaliza m'mphindi 40. Mukanatifunsa m'mawa mwake kuti wafa ndani, tikanangokuyang'anani. Chimene tinkadziwa n'choti mlatho unaduka pakati ndipo magalimoto anagwera m'madzi.

Pano limoti ndimagwira ndekha, ndipo mafilimu amtunduwu ndaonera ochuluka kwabasi: a chivomezi, a mliri, a chimwala chochokera mumlengalenga, a mabomba a nyukiliya. Ndapeza kuti zija achimwene ankadumpha zija ndiye zinali filimu yeniyeniyo. Kugwetsa nyumba masiku ano si nkhani, kompyuta yamphamvu iliyonse imagwetsa. Ntchito yagona pokuchititsani inu kudandaula za munthu amene ali m'nyumbamo. Choncho ngati mukufuna kuyamba mafilimu awa, kapena mwatopa kunamizidwa ndi zithunzi zokopa, nayi njira imene ine ndimatsata.

Muyeso wa mphindi 20

Yatsani filimu, za ngoziyo muiwale kaye. Zikakwana mphindi 20 imitsani, mudzifunse mafunso awiri. Kodi muno ndikudziwamo dzina la munthu ngakhale mmodzi? Nanga munthuyo amafuna kuchita chiyani mawa, dziko likanapanda kusokonekera? Mayankho onse akakhala oti kaya, zimitsani musankhe ina, palibe chimene mwaluza. Muyeso umenewu ndauyesa zaka zambiri, wandinamizapo kamodzi kapena kawiri basi.

Amene akungoyamba kumene ndimamupatsa filimu ya ku Norway, Bølgen, imene pa Chingerezi amaitcha The Wave. Inatuluka mu 2015, wotsogolera wake ndi Roar Uthaug. Nkhani yake ili ku Geiranger, katawuni ka alendo odzaona malo kamene kali kumapeto kwa mkono wautali wa nyanja, wopanikizika pakati pa mapiri. Phiri la Åkerneset limene akulinena mufilimumo lilipodi, lili ndi mng'alu weniweni, ndipo akatswiri amaliyang'anira usana ndi usiku chifukwa likadzagumukira m'madzi lidzautsa funde lalikulu. Zoterezi zinachitikapo kale: mu 1934 phiri linagumuka ku Tafjord, chakufupi komweko, funde lake n'kupha anthu 40.

Mufilimumo Kristian ndi katswiri wa miyala amene wasiya ntchito yolondera phirilo. Wapeza ina kukampani ya mafuta, katundu wamanga kale. Koma mtima ukukana, chifukwa tsiku lake lotsanzika zida zaonetsa kuti madzi a m'kati mwa phiri atsika mosadziwika bwino. Anzake akuti zida zangobalalika, komanso ino ndi nyengo ya alendo, ukachenjeza anthu pachabe mawa sadzakumveranso. Pafupifupi theka la filimu limadutsa chonchi, popanda munthu kunyowa ngakhale chala. Achimwene akanadumpha zonsezi. Koma saireni ikamalira pakati pa usiku, inu mumakhala mukudziwa kale kuti mkazi wa Kristian ali pantchito kuhotela ya m'mphepete mwa madzi, kuti mwana wawo wamwamuna ali kuchipinda chapansi cha hotelayo atatseka makutu ndi mahedifoni, kuti kamtsikana kali ndi bambo ake. Mukudziwanso kuti anthuwa ali ndi mphindi 10 zokha zoti akwere mamita 80 kuchokera pamadzi. Kristian akutchera wotchi ya pamkono. Msewu wokwera phiri wadzaza magalimoto, angoima njii, anthu akutsika n'kuyamba kuliyatsa la pansi. Mayi wina wapanidwa mwendo pakati pa magalimoto. Ine pamenepa ndimangozindikira ndaimirira, chonsecho filimuyi ndaionera kanayi.

Anthu ofa muno ndi ochepa poyerekeza ndi mafilimu amene makontinenti onse amamira, koma mantha ake ndi oposa. Mtima wa munthu sutha kulira maliro a anthu mabiliyoni, umalira amene wamudziwa dzina.

Madzulo ofuna phokoso

Musandimve ngati ndikuletsa mafilimu aphokoso. Pali masiku ena umaweruka mutu uli gwa, osafuna kuganiza kalikonse, kungofuna kuona zinthu zikuphwanyika popanda wokulipiritsa. Masiku otero funani Roland Emmerich, bambo wa ku Germany amene wagumula White House, nyumba ya pulezidenti wa America, kangapo konse m'mafilimu ake. Ndi iye anapanga Independence Day mu 1996, The Day After Tomorrow mu 2004, ndi 2012 imene inatuluka mu 2009.

Mafilimu awa ali ndi kaoneredwe kake. Musaonere nokha, itanani anthu okonda kuyankhira. Kwezani masipika. Ndipo za sayansi muzisiye pakhomo pamodzi ndi nsapato. Mufilimu ya 2012 ija muli malo pomwe John Cusack akuthawa pa galimoto yaitali mumzinda wa Los Angeles, nthaka ikung'ambika kumbuyo kwake, ndipo mng'aluwo nthawi zonse umatsalira pang'ono chabe, ngati ukumupatsa ulemu. Mukayamba kufunsa kuti zingatheke bwanji, mwadziphera nokha chisangalalo. Komabe muli kanthu kamodzi kolasa mtima: zombo zikuluzikulu zopulumukiramo zamangidwa mobisa kumapiri a ku China, ndipo mpando umodzi ukugulidwa ndi mayuro 1 biliyoni. Amene anazimanga ndi manja awo akutsekeredwa kunja. Pamapeto pake zombozo zikulunjika ku Africa, cha ku Cape of Good Hope, poti ndi kumene kwatsala mtunda wouma. Za kalendala ya Amaya, mtundu wakale wa anthu a ku Central America, imene filimuyi inatsamirapo, tsiku la 21 Disembala 2012, limene ena ankati dziko lidzatha, linafika, dzuwa linalowa, m'mawa kunacha. Odziwa mbiri ya Amaya anali atanena kale kuti tsikulo linali pothera nyengo imodzi ya kawerengedwe kawo, ina n'kuyamba.

The Day After Tomorrow inatenga nkhawa yeniyeni ya asayansi, yoti kutentha kwa dziko kungafooketse kayendedwe ka madzi a m'nyanja ya Atlantic amene amanyamula kutentha kupita kumpoto, n'kuipanikiza m'masiku owerengeka. Zotsatira zake, anthu akuthamangitsidwa ndi kuzizira m'khonde n'kukutsekera chitseko ngati ndi galu. Ndimaikondabe chifukwa cha anthu aja obisala mulaibulale ya ku New York, amene akukangana kuti awotche mabuku ati kuti afunde, mpaka wina akuwakumbutsa kuti pali shelefu yonse ya malamulo a msonkho.

San Andreas ya mu 2015 ndi yoonera mukusenda china chake m'manja. Dwayne Johnson ndi woyendetsa helikopita yopulumutsa anthu, ndipo chivomezi chitangoyamba akutenga helikopita ya anthu onseyo kukasaka banja lake lokha. Tsunami, chifunde cha m'nyanja chobwera ndi chivomezi, imene ikumiza San Francisco mmenemo singachokere ku mng'alu wa m'nthaka wa San Andreas, chifukwa mbali zake zimakhulana cham'mbali ndipo mbali yaikulu ili pamtunda. Tsunami yaikulu imafuna kuti pansi pa nyanja patukuke kapena patsike. Twister ya mu 1996, ija ya ng'ombe youluka m'kamvuluvulu ku Oklahoma, ikadali yokoma mpaka lero.

Mukapeza mpata bwererani m'mbuyo ku The Poseidon Adventure ya mu 1972, ya sitima yapamadzi imene yagadabuzika usiku wolowa chaka chatsopano, ndi The Towering Inferno ya mu 1974, ya nyumba ya nsanjika 138 imene yagwira moto. Nthawi imeneyo kunalibe zojambula pakompyuta zamasiku anozi. Madzi amene akumenya Gene Hackman ndi madzi enieni, ndipo nkhope ya munthu wonyowadi imadziwika.

Onerani awiriawiri

Njira yachangu yodziwira mtundu umene mumakonda ndi kuonera mafilimu awiri a nkhani imodzi motsatizana. Chaka cha 1998 chinatipatsa mwayi umenewu, poti kunatuluka Deep Impact ndi Armageddon motalikirana miyezi iwiri yokha. Onse akunena za chinthu chochokera mumlengalenga chimene chikubwera kudzawomba dziko.

Armageddon ya Michael Bay imati vutoli ndi losowa amuna olimba mtima. Chimwala chachikulu ngati dera la Texas chikubwera, ndiye NASA, bungwe la America loona za mumlengalenga, ikutuma Bruce Willis ndi anzake okumba mafuta kuti akachiboole n'kuikamo bomba. Ben Affleck, amene ali momwemo, anaulula yekha kuti anafunsa Bay chifukwa chake kuphunzitsa okumba mafuta kuyenda mumlengalenga kukhale kophweka kuposa kuphunzitsa oyenda mumlengalenga kukumba, ndipo anangouzidwa kuti atseke pakamwa.

Deep Impact ya Mimi Leder imafunsa funso lina: mutauzidwa tsiku, mungatani ndi masiku otsalawo? Morgan Freeman, amene ndi pulezidenti mmenemo, akulengeza modekha kuti boma lakumba mapanga ku Missouri okwana anthu 1 miliyoni. Anthu 200,000 asankhidwa kale, asayansi, madokotala, aphunzitsi ndi ena otero. Otsala 800,000 apezeka pochita maere pakompyuta. Opitirira zaka 50 salowa nawo m'maerewo. Ndinaionera koyamba ndili wachinyamata, mfundo imeneyi inangondidutsa. Nditaioneranso posachedwapa ndinayamba kuwerenga zala, zaka zanga, za mkazi wanga, za achimwene. Achimwene anatsala kunja.

Mukamaliza awiriwa, dzifunseni kuti m'mawa mwake mwadzuka mukuganiza iti. Ngati ndi Armageddon, khalani ku mafilimu aphokoso aja, palibe manyazi. Ngati ndi Deep Impact, pitani ku Greenland ya mu 2020, mmene Gerard Butler sakupulumutsa dziko ayi, akungolimbana n'kuti banja lake likwere ndege, ndipo zonse zikusokonekera chifukwa mankhwala a shuga a mwana atsala m'galimoto. Don't Look Up ya mu 2021 ndi yoseketsa mowawa: asayansi awiri akuchenjeza, anthu a pa TV akuseka, andale akuwerengera mavoti. Ija amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndi yaitali mopitirira muyeso ndipo nthabwala imodzi amaibwereza mpaka kusukuluka, koma mphindi zomaliza za anthu atakhala patebulo ndi zabwino.

Kakomedwe kena ka mafilimu a chimwala n'koti mukamaliza mutha kufufuza zenizeni zake. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulikira mumlengalenga pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala. Ambiri anachekedwa ndi magalasi: ataona kuwala anathamangira pawindo kukasuzumira, mphepo ya kuphulikako n'kufika mochedwerapo. Ndipo pa 26 Seputembala 2022 NASA inawombetsa dala chombo cha DART pa kamwala kotchedwa Dimorphos, n'kufupikitsa ulendo wake wozungulira chinzake ndi mphindi zoposa 30. Sanatumeko wokumba mafuta aliyense. Nzeru yake ndi kuchikankha pang'ono chidakali kutali kwambiri, chifukwa kuchiphulitsa chili pafupi n'kungosandutsa chipolopolo chimodzi kukhala zambirimbiri.

Contagion: yang'anani manja

Iyi ndiye ndimaiika pamwamba pa onse a mliri. Inatuluka mu 2011, wotsogolera ndi Steven Soderbergh, ndipo mu 2020 anthu anaithamangira ngati yatuluka dzulo. Imayamba ndi mdima bii, n'kumveka munthu akutsokomola. Kenako pakulembedwa kuti ndi tsiku lachiwiri. Loyamba mulibe, ndipo musazimitse filimuyi mpaka mutaliona, lili kumapeto kwenikweni.

Poionera musatsate nkhope, tsatani manja. Kamera imachedwa dala pa zinthu zimene filimu ina ikanazidutsa: kambale ka mtedza pabwalo la ndege, khadi la kubanki likuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo, chitsulo chogwirira m'basi, chogwirira chitseko chimene mwana wodwala wangochisiya. Palibe chilombo chotuluka mumdima, koma pofika mphindi 15 mumayamba kuchita nazo mantha zala zanu zomwe. Gwyneth Paltrow, amene mungaganize kuti ndiye mwini filimu, akufa koyambirira, kukuuzani kuti muno kutchuka sikuteteza munthu.

Kachilombo kake, MEV-1, ndi kopeka, koma anakapeka potengera ka Nipah, kamene ku Malaysia mu 1998 ndi 1999 kanachoka kwa mileme kupita kwa nkhumba n'kufika kwa anthu. Olemba filimuyi anagwira ntchito ndi akatswiri enieni a miliri, mmodzi mwa iwo Ian Lipkin wa ku Columbia University, n'chifukwa chake zambiri zimamveka zozolowereka kwa ife amene tinadutsa mu 2020. Kate Winslet akuimirira pa bolodi kufotokozera akuluakulu a zaumoyo nambala yosonyeza kuti wodwala mmodzi amapatsira anthu angati, iwo n'kumafunsa kuti ndalama zake alipira ndani. Jude Law akugulitsa mankhwala abodza pa intaneti n'kulemera nawo. Katemera atapezeka sakukwanira onse, ndiye akuchita maere potengera tsiku lobadwa. Chimene filimuyi inafulumiza ndi liwiro la imfa, chifukwa kachilombo kake kamapha m'masiku ochepa. Koma za khalidwe la anthu inalasa pakati penipeni.

Ngati mukufuna mliri wothamanga, tengani Train to Busan ya ku South Korea, ya mu 2016. Ndi ya anthu osanduka zilombo zoluma anzawo m'sitima yochoka ku Seoul, koma woopsa kwambiri m'sitimamo ndi bambo wina wovala suti amene sanalumidwe n'komwe.

Zimene zinachitikadi, ndi tchimo langa

Apa ndipamene pafunika kusamala ndi anthu amene mukuonera nawo. Ine ndinalakwitsapo. Amayi atabwera kudzacheza kwathu ndinawaikira The Impossible, poganiza kuti nkhani ya banja lotayana n'kupezananso iwasangalatsa. Sindinawauze chilichonse. Filimuyi, ya mu 2012, yotsogoleredwa ndi J. A. Bayona, ikunena za tsunami ya pa 26 Disembala 2004, imene inayamba ndi chivomezi champhamvu kufupi ndi chilumba cha Sumatra n'kupha anthu oposa 220,000 m'mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Indian. Banja lili patchuthi ku Khao Lak ku Thailand, ana akusewera mpira padziwe la hotela, mbalame zikuthawa, mitengo ikugwa umodziumodzi cha kunyanja. Madzi atafika, kamera ikulowa nawo pansi, ndipo mukuona kuti chopha anthu si kumira kokha ayi, ndi nthambi, zitsulo ndi magalasi zimene madziwo anyamula. Naomi Watts atatuluka m'madzi, mwana wake wamkulu, amene ndi Tom Holland adakali wamng'ono, akuona bala la kumwendo kwa mayi ake n'kuyang'ana kumbali.

Amayi anandigwira mkono. "Iwe, zimenezi n'zosewera kapena zinachitikadi?" Nditawauza kuti zinachitikira banja lina la ku Spain, anadzuka n'kukagona osatsanzika. M'mawa anandiuza kuti tulo sanatione. Kuyambira pamenepo, filimu ikakhala ya zochitikadi ndimanena isanayambe, ndipo ngati pali munthu amene anatayapo m'bale wake m'madzi kapena pangozi, ndimamufunsa kaye pambali.

The Impossible ndi yopangidwa mwaluso, koma muziionera mukudziwa kuti yasankha kutsata alendo a ku Ulaya, pomwe ochuluka mwa amene anafa anali eni nthaka. Ku Indonesia kokha anapitirira 160,000. Mufilimumo eni dzikowo amaoneka kwambiri ngati othandiza, pomwe nawonso anali ndi maliro awo.

Bayona yemweyo anapanganso Society of the Snow mu 2023, ya ndege imene inagwa m'mapiri a Andes mu Okutobala 1972 itanyamula timu ya rugby ya ku Uruguay. Munali anthu 45, anapulumuka 16, atakhala masiku 72 m'chipale chofewa. Anapulumuka podya matupi a anzawo omwalira, ndipo filimuyi imaigwira nkhaniyi mwaulemu, imatchula dzina ndi zaka za aliyense amene wamwalira. Ana musawaonetse. Deepwater Horizon ya mu 2016, ya chitsime cha mafuta cha panyanja chimene chinaphulika mu Epulo 2010 n'kupha anthu 11, ndi yabwino kwa aliyense amene anagwirapo ntchito pamalo pomwe bwana amati chida chachitetezo chikuchedwetsa ntchito.

Imene muyenera kuonera masana

Pali filimu imodzi imene ndimauza anthu kuti aonere kamodzi kokha, dzuwa lili pamutu, ndipo akamaliza atuluke panja akaone anthu akuyenda. Ndi Threads, imene BBC inaonetsa mu 1984, yotsogoleredwa ndi Mick Jackson. Ikunena za nkhondo ya nyukiliya mmene ingagwere mzinda wa Sheffield ku England.

Pa muyeso wanga wa mphindi 20 imakhoza mopweteka. Ruth ali ndi pakati posayembekezera, iye ndi Jimmy akukonzekera ukwati, akumatula mapepala akale pakhoma la nyumba imene apeza. Nkhani za mkangano wa America ndi Soviet Union zikungomveka kumbuyo, pawailesi ndi pa TV ya mubala, anthu osalabadira kwenikweni. Bomba likagwa palibe wolimba mtima wobwera kudzapulumutsa. Akuluakulu a khonsolo amene anakonzedwa kuti ayendetse zinthu atsekeredwa m'chipinda cha pansi pa nthaka, akukalipirana pa matelefoni mpaka mpweya kuwathera. Mafilimu ena amathera pa kuphulika. Iyi imapitirira miyezi, zaka, mpaka zaka 13. Utsi waphimba dzuwa, mbewu sizikula, ndipo ana obadwa pambuyo pake akulankhula mawu oduladula chifukwa panalibe wowaphunzitsa. Chimenechi ndiye chinandisowetsa mtendere kuposa moto.

Ya ku America yofanana nayo ndi The Day After ya mu 1983, imene anthu pafupifupi 100 miliyoni anaionera pa TV usiku umodzi. Ronald Reagan, ali pulezidenti, analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti inamusiya wokhumudwa kwambiri. Ndi yofewerapo, ndiye ngati mukukayikira mtima wanu yambani ndi imeneyo. Ndipo musaseke Godzilla yoyambirira ya mu 1954 chifukwa cha munthu wovala chikopa cha labala. Inapangidwa ku Japan patangopita zaka 9 chigwereni mabomba ku Hiroshima ndi Nagasaki, m'chaka chomwe asodzi a ku Japan anagweredwa phulusa la poizoni la bomba limene America inkayesa kuzilumba za Bikini. Zipatala zodzaza ana mufilimumo anthu oonera nthawi imeneyo ankazidziwa ndi maso.

Pali enanso a phee amene sindichedwapo: The Road ya mu 2009, bambo ndi mwana akukankha ngolo m'dziko la phulusa, Children of Men ya mu 2006, mmene kwatha zaka 18 popanda mwana kubadwa padziko, Melancholia ya mu 2011, imene ndimaiona ngati filimu ya matenda a nkhawa yovala chovala cha kutha kwa dziko. Amenewa si oyambira.

Tinthu ting'onoting'ono tosintha zonse

Makutu ndi ofunika kuposa maso. Chivomezi chimayamba kumveka chisanaoneke, ndipo kasipika ka foni kamadula mawu onse okhuthala aja, n'kutsala ngati wina akukwinya pepala. Ngati muli ndi foni yokha, valani mahedifoni, muzimitse magetsi. A Quiet Place ya mu 2018, imene zilombo zake zimasaka potsata phokoso, siimveka n'komwe m'nyumba momwe wina akutsuka mbale.

Za ku Norway, Korea kapena Spain onerani m'chilankhulo chake, muziwerenga mawu apansi. Mawu ochita kuikamo pambuyo amapha mantha, chifukwa wowajambulayo anali pampando wofewa, sankathawa chilichonse. Tizidutswa totsatsira filimu musationere, timaulula malo onse abwino. Pakakhala ana, onani kaye zaka zimene zalembedwa, koma musadalire zimenezo zokha: mwana amapirira kuona mzinda ukumira, chimene chimamulepheretsa kugona ndi kuona mwana mnzake atatayana ndi mayi ake. Komanso musaunjike zolemera usiku umodzi. Ine ndikaonera Contagion lero, mawa ndimaika Twister kuti mtima ubwerere m'malo.

Kwa woyamba kumene, ndondomeko yanga ndi iyi: The Wave, kenako Deep Impact ndi Armageddon kumapeto kwa sabata imodzi, kenako Contagion, kenako Train to Busan. Threads muisunge mpaka mudzaifune nokha.

Mwezi watha ndinawatumizira achimwene The Wave, n'kuwapempha kuti ulendo uno limoti aiike patali. Cha m'ma 10 koloko usiku foni inalira. Sanapereke moni n'komwe. "Iwe, kamnyamata ka mahedifoni kaja katuluka kapena ayi?" Ndinawauza kuti apitirize okha, anadula foni mokwiya. Patapita masiku awiri anandiuza kuti aoneranso Titanic, ndipo ola ndi theka loyambirira analidumpha monga kale, kuti afike msanga pomwe sitima yawomba madzi oundana.